Mfuti Yoyamba Yosakira Agwape ku Britain: Kasankhidwe Kake Popanda Kutaya Ndalama

Kwathu tikati gwape timanena kanyama ka nyanga zosongoka kamene kamadya nyemba m'munda usiku. Nyama zimene Angerezi amazitcha deer ndi zamtundu wina. Zamphongo zake zambiri zimakhala ndi nyanga zamphandamphanda zomwe zimathothoka chaka chilichonse n'kumeranso, ndipo m'tchire la ku Malawi, Zambia kapena Mozambique simuzipeza. Ku Britain ziliko mitundu 6, zachuluka chifukwa zilombo zozidya zidatha kalekale, ndipo lamulo limalola kuzisaka. M'nkhani ino tizingozitchula kuti agwape.

Mfuti imene alenje akumeneko amagwiritsa ntchito ndi ya bolt-action. Kumbuyo kwa mpope wake kuli chitsulo chotsekera, chomwe ndi bolt, chokhala ndi kachigwiriro kumbali. Mukaombera mumatukula kachigwiriroko, mumakokera m'mbuyo kuti chigoba cha chipolopolo chituluke, mumakankhira kutsogolo kuti china chilowe, kenako mumatsitsa n'kutseka. Zitsulo zoyenda ndi zochepa, motero siivutavuta, imalunjika bwino ndipo mtengo wake ndi wofikirika. Mifuti ikuluikulu yodzilonga yokha idaletsedwa ku Britain mu 1988, choncho ngakhale mutafuna ina simungasankhe zambiri.

Kulakwitsa kwa ongoyamba kumene n'kumodzi: amayambira m'sitolo. Mfuti ndiyo iyenera kubwera pomalizira, ina yonse itakonzeka.

Yambani ndi nyama ndi malo

Dziwani kaye kuti mudzasaka gwape wanji, pamalo a yani. Muntjac ndi kakang'ono, makilogalamu 10 mpaka 18, ndipo kadafalikira kum'mwera ndi pakati pa England kuchokera ku Woburn, m'chigawo cha Bedfordshire. Chinese water deer ndi wa msinkhu ngati womwewo, alibe nyanga, amapezeka kwambiri m'madambo a ku Norfolk ndi Cambridgeshire. Roe amafika makilogalamu 25 ndipo ali pafupifupi m'dziko lonse. Fallow ndi sika ndi apakatikati. Red ndiye chimphona: wamphongo amalemera makilogalamu 90 mpaka 190, ndipo ku mapiri a Scotland ndiko kuchimake.

Ku Britain kulibe tchire la aliyense loti munthu n'kungolowamo ndi mfuti. Mumasaka pamalo amene mwini wake wakulolezani, kapena mumalipira mlenje wa ntchito kuti akutengeni. Njira yachiwiriyi ndi yabwino poyambira chifukwa lamulo la mifuti limalola munthu wa zaka 17 kupita m'mwamba kubwereka mfuti pamalo a eni, bola mwini mfutiyo akhale pomwepo. Pitani maulendo atatu kapena anayi otere musanagule kanthu. Mudzagwira mifuti yosiyanasiyana, phewa lanu lidzamva kusiyana kwake, ndipo malisiti a maulendowo adzakuthandizani kupolisi.

Chiphaso

Popanda chiphaso chotchedwa Firearm Certificate, chomwe ambiri amangoti FAC, simungagule mfuti ngakhale chipolopolo chimodzi. Chimaperekedwa ndi apolisi a dera lomwe mukukhala, chimagwira ntchito zaka 5, ndipo mu Febuluwale 2025 mtengo wa chatsopano adauika pa £198 ku England, Wales ndi Scotland. Ku Northern Ireland kuli dongosolo lake lapadera.

Apolisi amafuna chifukwa chomveka chokhalira ndi mfutiyo, ndipo kalata ya mwini malo kapena umboni wa maulendo olipira aja ndiwo chifukwacho. Amafuna lipoti la dokotala wanu, lomwe nthawi zambiri mumalilipira nokha. Amafuna kabati yachitsulo yokhomeredwa kukhoma lolimba, pamalo osaonekera kwa alendo. Sankhani yolembedwa BS7558, ndipo zipolopolo zikhale m'chipinda chake chokiya padera. Ngati nyumba ndi ya lendi, kambiranani ndi eni nyumba musanaboole khoma. Amafunanso mboni ziwiri zokhala ku Britain komweko, zosakhala abale anu, zimene zakudziwani kwa zaka ziwiri kapena kuposa. Kwa munthu amene wafika chaka chatha kuchokera ku Lilongwe kapena ku Chipata, mfundo imeneyi ndiyo imachedwetsa zinthu, ndipo palibe njira yachidule. Nthawi yodikirayo igwiritseni ntchito pochita maphunziro oyamba a usaki wa agwape otchedwa DSC1, omwe amakonzedwa ndi mabungwe monga British Deer Society ndi BASC, bungwe la alenje. Mumaphunzira kuzindikira mitundu ya agwape, malamulo, chitetezo ndi kasamalidwe ka nyama, ndipo amakuyesani kuombera chandamale pa mamita 100, pa mamita 70 ndi pafupi. Eni malo ambiri salola munthu wopanda pepala limeneli.

Chofunika kudziwa ndi ichi: pafomu mumalemba kukula kwa mfuti imene mukufuna, ndipo chiphaso chikatuluka mumaloledwa kugula yokhayo. Mukalemba .243 simungabwere kunyumba ndi .308 chifukwa choti mwaipeza yotchipa. Kusintha kumafuna fomu ina ndi kudikiranso. N'chifukwa chake gawo lotsatirali muliganizire musanagwire cholembera.

Calibre: lamulo likuti chiyani, nzeru ikuti chiyani

Calibre ndi kukula kwa bowo la mpope, ndipo dzina ngati .308 Winchester limatchula mtundu wonse wa chipolopolo cholowa m'mfutiyo. Kulemera kwa mutu wa chipolopolo amakuyeza m'ma grain, liwiro lake m'mafiti pa sekondi, mphamvu yake m'ma foot-pound. Manambala onsewa amalembedwa pabokosi.

Ku England ndi Wales, lamulo la Deer Act 1991 limati pa roe, fallow, sika ndi red bowo la mpope lisachepere .240 ya inchesi ndipo mphamvu yake potuluka isachepere 1,700 foot-pound. Pa muntjac ndi Chinese water deer amalola kuyambira .220, mutu wa ma grain 50, mphamvu 1,000. Ku Scotland sayang'ana kukula kwa bowo koma chipolopolo: pa agwape akuluakulu mutu usachepere ma grain 80, liwiro 2,450, mphamvu 1,750, pa roe ma grain 50, liwiro lomwelo, mphamvu 1,000. Konsekonse mutu uyenera kukhala wa mtundu wofutukuka ukalowa m'thupi, osati wolimba woomberera mapepala. Apa pali msampha: .223 ndi yololedwa pa roe ku Scotland koma ndi mlandu pa roe yemweyo ku England. Isakhale mfuti yanu yoyamba ngati mukufuna imodzi yokwanira zonse.

Zotsala zoganizira ndi zinayi kapena zisanu.

Ya .243 Winchester, yomwe idatuluka mu 1955, yakhala mfuti yoyamba ya alenje ambiri ku Britain. Siimenya phewa, kukankha kwake ndi pafupifupi theka la .308, ndipo pa roe ndi muntjac imagwira ntchito bwino. Vuto lake ndi loti ili m'malire mwa lamulo. Werengani nokha: tengani ma grain, chulukitsani ndi liwiro, chulukitsaninso ndi liwiro lomwelo, gawani ndi 450,240. Mutu wa ma grain 100 pa liwiro la 2,960 ukupereka mphamvu 1,946. Koma liwiro la pabokosi amaliyeza kawirikawiri pa mpope wa mainchesi 24, ndipo inchesi iliyonse yodulidwa imachotsa mafiti 20 mpaka 30 pa sekondi. Pa mpope wa mainchesi 18 liwiro likhoza kutsikira pa 2,810, mphamvu n'kukhala 1,754. Mwatsala pang'ono kugwa kunja kwa lamulo la ku Scotland musakudziwa.

Pali chinanso chimene chikuipanikiza .243. Mu Julayi 2025 boma lidalengeza kuti liletsa zipolopolo za mtovu pa mifuti yosakira kuyambira .243 kupita m'mwamba, ndipo lidapereka zaka zitatu zosinthira. Ogula nyama ambiri adayamba kale kukana gwape woomberedwa ndi mtovu. Cholowa m'malo ndi mutu wa mkuwa. Mkuwa ndi wopepuka kuposa mtovu, choncho mutu wolemera chimodzimodzi umakhala wautali, ndipo mutu wautali umafuna kuzunguzidwa mwamphamvu kuti usapendame m'malere. Chozunguza ndi mizere yopota ya m'kati mwa mpope. Mukaona 1:10 ndiye kuti mizereyo imazungulira kamodzi pa mainchesi 10 alionse. Mifuti yambiri ya .243 ndi ya 1:10, ndipo imalephera kukhazika mitu ya mkuwa yolemera. Mumakakamizika kukhala pa ma grain 80 kapena 85. Mukaikonda ndithu .243, funani ya 1:8.

Ya .308 Winchester, ya mu 1952, ndiyo tingamulangize munthu wofuna mfuti imodzi ya moyo wonse. Mutu wa ma grain 150 umatuluka pa liwiro la 2,820 ndi mphamvu yoposa 2,600, kutali ndi malire a lamulo lililonse. Siitaya zambiri pa mpope waufupi, zipolopolo zake zimapezeka m'sitolo iliyonse ya mifuti, za mkuwa zimayenda bwino m'mipope wamba, ndipo mpope wake umachedwa kutha. Imamenya phewa kuposa .243, koma ikakhala ndi moderator, chitsulo chochepetsa phokoso ndi kukankha, ambiri saidandaula. Ena amaopa kuti iwononga nyama ya muntjac. Chimene chimawononga nyama kwambiri ndi liwiro lalikulu ndi mutu wosweka msanga, osati kukula kwa bowo; .308 yoyenda modekha nthawi zambiri imasiya bala laukhondo kuposa .243 yothamanga ndi mutu wopepuka.

Pakati pa ziwirizi pali 6.5 Creedmoor, yopangidwa ndi Hornady mu 2007, ndi 6.5x55 ya ku Sweden ndi Norway yomwe ilipo kuyambira m'ma 1890. Zonse zimabwera ndi mipope ya 1:8 kapena pafupi pamenepo, zimalandira mkuwa bwino, ndipo kukankha kwake n'kofatsa. Munthu wa thupi laling'ono kapena woopa kumenyedwa phewa asankhe imodzi mwa izi. Ya .270 Winchester, ya mu 1925, ndi yotchuka ku mapiri a Scotland kumene amaombera patali, koma ndi yaphokoso ndipo imafuna mpope wautali.

Mifuti ya dzina lakuti magnum isiyeni. Zipolopolo zake n'zodula, ndipo imaphunzitsa munthu kutsinzina ndi kunjenjemera asanaombere, chizolowezi chovuta kuchichotsa.

Musanalembe fomu, imbani foni kusitolo ziwiri zapafupi ndi kwanu mufunse zipolopolo za mkuwa zimene amakhala nazo nthawi zonse. Zipolopolo sazitumiza kunyumba ngati katundu wamba. Mumakagula nokha ndi chiphaso m'manja. Safunsa adadya phula.

Kugawa ndalama

Pa mapaundi 10 alionse amene mwasungira zida, anayi okha apite ku mfuti. Atatu apite ku scope, galasi lolunjikira lomangidwa pamwamba pa mfuti, ndi zomangira zake, imodzi ndi theka ku moderator, yotsalayo ku zipolopolo zoyeserera, ndodo zotsamira, lamba ndi zotsukira. Chiphaso, dokotala, kabati ndi DSC1 muziwerengere padera. Chifukwa chake n'chakuti masiku ano ngakhale mfuti yotchipa imalunjika mokwanira kupha gwape pa mamita 150, pamene scope yotchipa imachita khungu nthawi imene agwape amatuluka. Mfuti yokwera mtengo yokhala ndi galasi losaona ndi ndodo chabe.

Mifuti yoyenera kuigwira m'manja

Yotsika mtengo kwambiri ndi Savage Axis, Ruger American ndi Mossberg Patriot ya ku America. Imalunjika bwino kuposa mmene maonekedwe ake akunenera. Pamene opanga amapulumutsira ndalama ndi pa stock, thunthu la pulasitiki lomwe limagwira zitsulo zonse, ndipo limakhala lofewa. Howa 1500 ya ku Japan ndi yolemererapo, yolimba, ili ndi safety (kachitsulo koletsa mfuti kulira) ya malo atatu yomwe imakulolani kutulutsa chipolopolo mfuti ili yotsekedwa. Mauser M18 ndi Sauer 100 za ku Germany zili pamtengo wapakati, ndipo bolt yake imatukuka madigiri 60 okha, motero chala sichigunda scope. Bergara B14 ya ku Spain imadziwika ndi mipope yabwino. Tikka T3x ya ku Finland, yopangidwa ndi kampani ya Sako, ndi yokwererapo, koma bolt yake imatsetsereka ngati yadzozedwa mafuta, trigger yake (kokokera ndi chala poombera) imasinthika pakati pa kilogalamu imodzi ndi awiri, ndipo zida zake zosinthira zili paliponse ku Britain. Tikka T3 yakale yosamalidwa bwino imaposa mfuti yatsopano ya mtengo womwewo nthawi zambiri.

Dzina lisakusankhireni. Valani jekete limene mudzavale kutchire, pitani nalo kusitolo, ndipo chitani izi pa mfuti iliyonse. Choyamba tsegulani bolt, yang'anani ndi kupisa chala kutsimikiza kuti mulibe kanthu, ngakhale wogulitsa atanena kuti waona kale. Tsinzinani, kwezani mfuti paphewa, tsamiritsani tsaya, kenako tsegulani maso. Diso liyenera kupezeka kumbuyo kwa scope osasuntha mutu. Mukapezeka mukutukula tsaya, stock ndi yotsika ndipo mudzafunika chokwezera. Utali wochokera pa trigger kufika kuchitako umakhala masentimita 35 kapena 36 pa mifuti yambiri. Wa mikono yaifupi afunse ngati pali timapuleti tochotsa.

Dziwaninso diso lanu lolamulira. Lozani chinthu chakutali ndi chala maso onse ali otsegula, kenako tsekani limodzilimodzi. Diso limene likatsala lotsegula chala chikhalabe pa chinthucho ndilo lolamulira. Likakhala lamanzere, funani mfuti ya bolt yakumanzere. Tikka ndi Savage amapanga zotere, ngakhale muyenera kudikira pang'ono.

Pemphani chilolezo chokoka trigger mfuti ilibe chipolopolo. Yabwino imaduka mwadzidzidzi ngati kamtengo kouma, pa kulemera kwa pakati pa kilogalamu imodzi ndi imodzi ndi theka. Yokwekwereza isanaduke kapena yolimba kwambiri imakokera mfuti kumbali pa nthawi yoombera. Yopepuka kwambiri ndi yoopsa m'nyengo yozizira pamene zala zachita dzanzi.

Kenako tengani ndalama yapepala, muikulunge pansi pa mpope, muiyendetse kuchokera kutsogolo kwa stock kubwerera kumbuyo. Iyenera kudutsa osakodwa, chifukwa mpope umanjenjemera chipolopolo chikamadutsa ndipo ukakhudza stock umanjenjemera mosiyanasiyana. Bwerezani mutatsamiritsa kutsogolo kwa mfuti patebulo, moderator ili pomwepo. Stock yofewa imapindika ndi kulemerako n'kukhudza mpope, ndipo zipolopolo zimayamba kukwera m'mwamba popanda chifukwa chooneka. Ikakhala yokhudza pang'ono, mmisiri wa mifuti amapala m'kati mwake mosavuta.

Mpope ukhale wa mainchesi 20 mpaka 22, wokhala ndi mazinga kunsonga omangirapo moderator. Funsani mtundu wa mazingawo chifukwa alipo angapo: M14x1, M15x1, 1/2 UNF, 5/8x24. Mfuti yokha ilemere makilogalamu atatu kapena kuposerapo pang'ono. Ndi scope ndi moderator ifika anayi kapena anayi ndi theka. Yopepuka kuposa apo ndi yokoma kunyamula koma imamenya kwambiri ndipo imagwedezeka pa ndodo. Chotsani magazine, kabokosi kosungira zipolopolo, mubwezeretse kangapo, mufunse mtengo wa ina yapadera. Ena amadzadzimuka atataya yoyamba m'thengo.

Mukasankha yogwiritsidwapo kale ntchito

Gulani kwa wogulitsa wovomerezeka ndi boma, ndipo mugwirizane kuti mukaiyese kapena muibweze ikapezeka yosalunjika. Chimene chimatha pa mfuti ndi khosi la mpope, masentimita ochepa oyambirira pamene moto wa onga umawotcha chitsulo. Pemphani kuti akuonetseni ndi borescope, kakamera kolowetsa mumpope. Khosi lotha limaoneka long'aluka ngati dothi la padambo mu Okutobala, ndipo mizere yopota imayambira patali. Ya .243 imatha msanga kuposa .308 chifukwa onga wambiri umadutsa pabowo laling'ono. Kuika mpope wina kukhoza kudya ndalama zofanana ndi mfuti yatsopano.

Yang'anani kukamwa kwa mpope. Mphepete mwake mukhale mosalala mozungulira monse. Kachibanthu kakang'ono kapena dzimbiri pamenepo n'zokwanira kumwaza zipolopolo. Onani zidindo zotsimikiza kuti mfuti idayesedwa, za ku London, ku Birmingham kapena za mayiko ovomerezeka. Kugulitsa yopanda zidindozi ndi mlandu. Yang'anani ming'alu pa stock kumbuyo kwa bolt, ndi mitu ya zomangira: ikakhala yophwanyika, winawake wopanda luso adaseweretsapo. Pomaliza yesani safety mfuti ilibe kanthu. Tsekani bolt, ikani safety, kokani trigger mwamphamvu, chotsani chala, masulani safety. Ikalira yokha, isiyeni pomwepo. Bwerezani pomenyetsa chitako pansi modekha. Ikaliranso, ndiye kuti trigger idapepukitsidwa mopitirira.

Mukagula, wogulitsa amalemba nambala ya mfuti pa chiphaso chanu, ndipo inu mumadziwitsa apolisi pasanathe masiku 7.

Scope ndi moderator

Lamulo limalola kuombera kuyambira ola limodzi dzuwa lisanatuluke mpaka ola limodzi litalowa, ndipo agwape amayenda m'maola amenewo, m'bandakucha ndi chisisira. Scope imagulidwira kuwala kumeneko. Nambala ngati 3-9x40 ikutanthauza kuti imakulitsa katatu mpaka kasanu ndi kanayi, ndipo galasi lakutsogolo ndi la mamilimita 40. Gawani galasi ndi kukulitsa kuti mudziwe kuwala kofika m'diso: 8x56 ikupereka mamilimita 7, omwe ndi pafupifupi malire a diso la munthu mumdima. Ya 6x42 ikupereka chimodzimodzi. N'chifukwa chake scope zosasintha za 6x42 ndi 8x56 zogwiritsidwapo kale ntchito, za makampani monga Schmidt & Bender, Zeiss, Swarovski kapena Meopta, ndi njira yanzeru kwa wosunga ndalama. Mukafuna yosintha, 2.5-10x50 kapena 3-12x56 ndi yokwanira. Zokulitsa ka 24 zodzaza ndi manambala ndi za mpikisano, m'nkhalango zimangokusokonezani.

Thupi la scope limakhala la inchesi imodzi kapena mamilimita 30, ndipo mphete zomangira zigwirizane nalo. Pa mphete musaumire ndalama, chifukwa zambiri zimene anthu amanamizira mfuti zimachokera pamenepa. Ikani scope pansi momwe mungathere osakhudza mpope. Musanamange, ikankheni kutsogolo ndi kumbuyo mpaka muone chithunzi chonse diso lili pa masentimita 8 mpaka 10. Mukayandikira kwambiri, mfuti ikakankha scope imakudulani chikope. Mangani ndi sipanala yoyeza mphamvu, mosinthanasinthana mbali, pa mlingo umene opanga alemba, womwe pa mphete zambiri ndi pafupifupi 2 Nm. Kumanga mopitirira kumafinya thupi la scope n'kuwononga zam'kati.

Moderator ndi chitsulo chomangidwa kunsonga chochepetsa phokoso ndi kukankha. Sichichititsa mfuti kukhala chete, koma chimateteza makutu ndipo chimathandiza wophunzira kusadzidzimuka. Za chilolezo chake, tsatirani zimene ofesi ya ziphaso ikuuzeni. Chikhale chopangidwira calibre yanu kapena yokulirapo, osati yocheperapo. Mukabwerako kutchire chichotseni nthawi zonse musanaike mfuti mukabati. Utsi wa onga ndi chinyezi zimasanduka madzi owononga m'kati mwake, ndipo mfuti ikaimikidwa madziwo amatsikira mumpope. Mipope yambiri yafa ndi ulesi umenewu.

Kulunjikitsa

Gulani mabokosi awiri kapena atatu a zipolopolo zosiyana, chifukwa mipope iwiri ya kampani imodzi ikhoza kukonda zosiyana. Pukutani mafuta a kufakitale mumpope ndi kansalu, ndodo yotsukira muilowetsere kumbuyo osati kukamwa.

Pabwalo loomberera, khazikani mfuti pa matumba a mchenga, wina pansi pa stock kutsogolo, wina pansi pa chitako. Mpope usakhudze kanthu. Chotsani bolt, suzumirani mumpope mpaka chandamale cha pa mamita 25 chikhale pakati, ndipo mfuti isanasunthe sinthani scope kuti mtanda wake ukhalenso pomwepo. Bwezerani bolt, omberani kamodzi. Chikagwera papepala pafupi ndi pakati, pitani pa mamita 100.

Pamenepo omberani katatu molunjika malo amodzi, osasintha kanthu. Pezani pakati pa mabowo atatuwo, yezani ndi rula kutalika kwake ndi chandamale, ndiyeno sinthani. Pa scope zambiri za ku Ulaya kulira kumodzi kwa kachitsulo kosinthira ndi sentimita imodzi pa mamita 100. Pa zolembedwa 1/4 MOA ndi pafupifupi mamilimita 7. Mabowo akakhala masentimita 6 kumanzere, ndiye kulira 6 kumanja pa yoyambayo, 8 kapena 9 pa yachiwiriyo. Osathamangitsa bowo lililonse ndi kusintha. Mudzamaliza bokosi musakudziwa pamene muli. Dikirani mpope uzizire pakati pa magulu, chifukwa mipope yopyapyala ya mifuti yosakira imasochera ikatentha, pomwe kutchire chipolopolo chowerengedwa ndi choyamba, cha mpope wozizira. Lunjikitsani moderator ili pomwepo. Kuichotsa kumasuntha pogwera.

Mabowo atatu akakwana m'bwalo la masentimita atatu kapena anayi, mfuti ili bwino. Bokosi limene lapambana mugule ambiri a nambala imodzi ya fakitale, malinga ndi chiwerengero chimene chiphaso chikulolani kusunga.

Zikamwazika, fufuzani motsatana. Yambani ndi moderator ngati yamasuka, ndipo muone ngati pakamwa pake pali zizindikiro zoti chipolopolo chikukhudza. Kenako zomangira za mphete ndi za njanji ya scope, kenako zomangira ziwiri zogwirizitsa zitsulo ndi stock, kenako ndalama yapepala ija. Mabowo akamakwera motsatana, mpope watentha kapena ukukhudza stock. Akakhala otalikira mbali imodzi m'malo mozungulira bwino, mutu ndi wautali kuposa mphamvu ya mizere yopota. Tsikani pa wopepuka. Mukachoka pa mtovu kupita ku mkuwa, tsukani mpope bwinobwino kaye. Zonsezi zikakhala bwino, patsani mnzanu wodziwa aombere. Iye akalunjika, vuto ndi lanu. Njira yodzigwira ndi kupempha mnzanuyo kuti azikuikirani mfuti inu musakuona, nthawi zina ndi chipolopolo chabodza choyeserera. Mfuti ikagwedezeka pa chabodzacho, mukudzidzimuka musanaombere, ndipo mankhwala ake ndi kukoka trigger kambirimbiri mfuti ilibe kanthu mpaka mtanda uzikhala chilili.

Kuchoka patebulo

Kutchire kulibe tebulo. Gulani kapena pangani ndodo zinayi zotsamira, zimene zimagwira mfuti kutsogolo ndi kuchitako, ndipo zipolopolo zambiri zoyeserera zithere pamenepo mutaimirira. Dulani pepala lozungulira la masentimita 10, pafupifupi kukula kwa mtima ndi mapapo a muntjac. Mtunda umene mumalasa pepalalo kasanu mwa kasanu ndiwo malire anu, kaya ndi mamita 80 kaya 140. Mfuti ya .308 yolunjikitsidwa pa mamita 100 imagwetsa chipolopolo pafupifupi masentimita 10 pa mamita 200, koma chaka choyamba simufunika kufika kumeneko.

Lasani pachifuwa, gwape ataima chammbali: kwerani ndi mzere wa kumbuyo kwa mwendo wakutsogolo mpaka pakati pa thupi kapena kutsikirapo pang'ono. Mutu ndi khosi ndi tating'ono ndipo timasuntha mwadzidzidzi. Kumbuyo kwa nyama kukhale dothi looneka loti chipolopolo chikathere, osati tchire lowirira, madzi kapena thambo, chifukwa chimapyoza nyama ndipo chikaphonya chimayenda makilomita angapo. Onaninso nyengo: ku England ndi Wales roe wamphongo amasakidwa kuyambira pa 1 Epulo mpaka pa 31 Okutobala, wamkazi kuyambira pa 1 Novembala mpaka pa 31 Malichi, pomwe muntjac alibe nyengo yoletsedwa chifukwa amaswana chaka chonse. Mukaombera, lowetsani chipolopolo china nthawi yomweyo diso lili pa scope, ikani safety, zindikirani mtengo kapena chitsamba pamene nyama inaima, ndipo dikirani mphindi 10 musanayandikire.